Stellah Asiya Kupempha

Pa hotela ina ku Business Bay, mumzinda wina wa kutsidya kwa nyanja, panali phwando la masana la anthu a ku Amereka, la pa 4 Julaye. Stellah, woperekera zakudya wa ku Ntcheu, anamuveka chipewa cha nyenyezi chomwe chinkamuyabwa pamphumi. Mtima wake sunali pantchito. Chiyambire Khirisimasi ankatumiza mawu pa foni kwa malume ake aakulu, kuwapempha akhale nkhoswe pa ukwati wake ndi Maurice, mlonda wa ku Chipata. Iwo sankawatsegula n'komwe, poti ankafuna mkamwini wapafupi wowalimira dimba. Malume aang'ono, a Davies, anali okonzeka, koma angalumphe wamkulu ndani?

Patebulo lapakona panali mayi wachikulire wa ku Amereka, wolongolola ngati wailesi. Stellah akuthira tiyi, anafunsa mwaulemu chabe kuti tsikuli n'lachiyani.

"Makolo athu poyamba sankafuna kuchoka pansi pa mfumu ya ku Mangalande," anatero mayiyo. "Nkhondo itabuka kale, anaitumizirabe dandaulo. Mfumu inakana ngakhale kuliona. Chaka chotsatira anasiya kupempha. Analengeza okha kuti ndi mfulu, natchula zifukwa zawo, dziko lonse likumva."

"Ndiye mfumuyo inavomera?"

"Ayi, nkhondo inapitirira zaka. Koma chilolezo sanachifunenso."

Nthawi yopuma, Stellah anapeza Hildah, mnzake wa ku Lusaka, kuseri kwa khitchini.

"Khalas, basi zatha, Hildah. Sindipemphanso."

"Iwe, bamalume bako bazakalipa."

"Akalipe."

Anatsegula gulu la banja pa foni, n'kujambula mawu: "Moni nonse. Ine ndi Maurice tikumanga ukwati mu Disembala. Malume aakulu ndawapempha mokwanira, sanandiyankhe. Nkhoswe yanga akhala a Davies. Sindikufunsa, ndikukudziwitsani."

Anatumiza, ngakhale mantha anali nawo ndithu. Malume aakulu, omwe mawu a Stellah oyamba aja sankawapezera nthawi, awa anawamva msangamsanga ndipo anatuluka m'gulumo. Kenaka foni inalira. Anali amayi ake, munthu woti chibadwire sanamutsutsepo mlongo wake.

"Stellah, malume ako akuti ulibe mwambo. Akuti pakhomo panga sadzapondanso."

"Ndamva, amayi."

Stellah anagwiritsa foni, kudikira kuti auzidwe kukapepesa. Koma amayi anangofunsa kuti:

"Tsono nsalu ya ukwatiwo mwasankha yamtundu wanji? Ndikufuna ndimuuziretu telala."