Chipewa cha Tadeyo mu Nkhungu

Chipewa cha Tadeyo chinali patsogolo panga, psuu, kadontho kamodzi kofiira pakati pa udzu wouma wa mapiri a ku Lesotho. Chikakwera, ndinkakwera. Chikakhota, ndinkakhota. Ndinangowerama pang'ono kuti ndimange chingwe cha nsapato. Podzuka, chipewa palibe, njira palibe, dziko lonse mbee.

Nkhungu ya kuno siodira. Kwathu ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, chiperoni chimayamba chatuma kamphepo kuti muanule zovala. Ya kuno imangofika n'kukhala, ngati mwini nyumba.

Tadeyo ndi mlongo wanga, wondipondera pamutu, bambo wandevu zake amene amagwira ntchito ku Joni. Ndiye anandinyengerera kuti tibereke zikwama, tizigona m'tenti, tikaone mapiri a eni. Ndinavomera ndi pakamwa, miyendo isanafunsidwe. Tsono kudzanja lamanja la njira yathu kunali phompho. Tinali taliona m'mawa kukadali kowala, miimba ikuuluka pansi pa mapazi athu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane. Dzina linafika pammero n'kuima.

Bambo athu ankacheka matabwa a mkungudza paphiri, ndipo lamulo lawo linali limodzi: paphiri sufuula dzina la mnzako. Eni phiri amamva. Akalidziwa dzinalo amamuitana ndi mawu ako omwe, iye n'kutsata, osabwereranso. Ine ndi namwino, sukulu ndinapita, zoterezi ndimaziseka tikamacheza kuchipatala. Koma apa lilime linakana, ngati mwana amene wagwidwa dzanja ndi bambo ake.

Ndinayesa likhweru, milomo yozizira inangotulutsa mpweya. Ndinamenya ndodo pamwala, go, go, go, nkhungu inameza. Madzi ankadontha m'nsidze, chikwama chinkalemera. Ndinkamuona m'maganizo akutembenuka kundifunafuna, phazi limodzi paudzu, phazi lina pamwala wonyowa, phazi lotsatira pamphepo. Ndinachita mantha, mantha enieni. Kenaka ndinakwiya. Ndinakwiyira bambo m'manda mwawomo, ndinakwiyira phiri la kwathu lomwe linanditsatira mpaka kudziko la eni, kumene mizimu yake sidziwa n'Chichewa chomwe.

Ndinakoka mpweya wonse.

"Tadeyooo!"

Zii. Mphepo yokha m'udzu. Ndinaganiza kuti basi, ndamupereka ndekha.

"Achemwali, ndili pano." Mawu anachokera pafupi, pafupi zedi, chakumanja, motsitsa ngati wolankhula m'tchalitchi. "Ndikubwera komweko."

"Usadzuke. Khala pomwepo, uzingolankhula."

Ndinavula chikwama n'kukwawa, manja m'matope, mawondo pamiyala, ndikutsata mawu. Ndinakhudza nsapato, kenaka mwendo, kenaka ndinamugwira lamba ndi manja onse awiri. Anali atagwada, mutu uli pamtunda, tsitsi lili chonyowa, nkhope itayang'ana kumene ankayesa kuti n'kunjira.

"Nthawi yonseyi unali pompano? Bwanji osandiitana?"

"Ndikanakutchulani bwanji paphiri, achemwali?" Analoza kutsogolo kwake. "Mphepo inanditengera chipewa. Ndimati ndingochitola kaye, chagwera apa pomwepa, ndiye ndikufuneni."

Tinakhala pansi, msana wake pachifuwa changa monga ndinkamufungatira ali khanda, kuzizira kukulowa m'mafupa, kudikira. Ana awiri a munthu mmodzi, otalikirana ngati khomo ndi khonde, aliyense ataluma dzina la mnzake kuti alipulumutse.

Kenaka nkhungu inang'ambika pang'ono, kuwala n'kudutsa. Udzu unathera pamene panathera zala za Tadeyo. Kupitirira apo kunalibe nthaka, kunali mpweya wokhawokha, bii, mpaka pansi.

Ndipo pansi penipenipo, pakashelefu ka mwala kosafikika, panali kadontho kamodzi kofiira, psuu, kakugwedezeka ndi mphepo ngati kakutikodola. Ndinalimbitsa manja palamba wake. Ulendo uno sindinachitsate chipewacho.