Dalaivala Akakukodola, Usathamange

Naliwiro anapeza ntchito kufakitale yosoka zovala, koma mtima wake sunakhale m'malo. Kuyambira Lolemba azichoka m'mamawa, ndiye kuti mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, azipita yekha kusukulu. Panjira panali msewu waukulu, galimoto zoyenda mizere iwiri mbali iliyonse.

Dzina loti Naliwiro anamupatsa ndi anansi, ndipo sanalakwitse. Iye analibe nthawi yodikira maloboti. Ankangogwira mwana pamkono n'kulowa pakati pa galimoto chothamanga, masilipasi ali phwaphwaphwa.

Lachitatu anati amuyese mwanayo. "Woloka wekha ndione."

Minibasi inaima, dalaivala n'kukodola ndi dzanja kuti mwana adutse. Mwana anathamanga monga anazolowera. Kuseri kwa minibasiyo kunatulukira njinga yamoto, mabuleki tsiii! Chikwama cha mabuku chinagwera pamsewu. Mwana sanavulale, koma Naliwiro anangokhala pansi ndi mantha.

Madzulo anakafotokozera mnansi wake, bambo woyendetsa basi.

"Mayi, dalaivala akakodola, amanena za galimoto yake yokha," anatero bamboyo. "Wa mzere winawo sakumuona mwana, minibasi yamutchinga. Aziwolokera pa mizere yoyera. Adikire kamunthu kobiriwira kayake pamaloboti, aone kuti mizere yonse ya galimoto yaima, kenako ayende osathamanga."

"Nanga akachedwa kusukulu?"

"Achedwe! Aphunzitsi amakalipa n'kuiwala. Komatu kuthamangako waonera inu."

Mawu amenewa anamuwawa Naliwiro, poti anali oona. Lachinayi anawoloka ndi mwana wake pa mizere yoyera kasanu konse, bamboyo akuwawongolera.

Lachisanu Naliwiro anamusiya mwana apite yekha, iye n'kumutsatira mobisala. Pamaloboti anthu akuluakulu, ena atavala mataye, anadutsa mwachigulu kamunthu kakadali kofiira. Galimoto ina inaima, dalaivala anakodola. Naliwiro anagwira pakamwa.

Mwana anapukusa mutu, osasuntha. Kamunthu kobiriwira katayaka, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyenda bwinobwino mpaka tsidya.

Chimwemwe chinamuiwalitsa Naliwiro zobisala zija. Anati athamange akamukumbatire, phazi limodzi lili kale mumsewu, maloboti atasintha.

"Amayi, imani pomwepo!" mwana anakuwa ali tsidya lija. "Kafiira!"

Naliwiro anabweza phazi, lole n'kudutsa, mphepo yake kumuwomba kumaso. Anthu anaseka, iye anaima chilili misozi ikulengeza, mpaka kamunthu kanabiriwira.

Lolemba anapita kuntchito mtima uli m'malo.

Makolo, mwana amawoloka msewu mmene amakuonerani inu. Wolokerani pa mizere yoyera, dikirani maloboti, ndipo musadalire dzanja la dalaivala mmodzi musanaone kuti mizere yonse yaima.