Lendi ya Chaka Chamawa

Namwino anali akukulunga makapu a bambo ake m'nyuzipepala zakale pomwe anamva kugogoda. Sikunali kukhomo ayi. Kunkachokera kuchipinda, pakhoma lomwe linali kumutu kwa bedi. Kunali kugogoda kwa munthu wosafulumira. Kunaleka, kenako kunamvekanso.

"Wamva?" anafunsa mlongo wake.

Mlongo wakeyo, dalaivala wa lole, anali atagwada pansi akumanga bokosi la zida za ukalipentala za bambo awo. Sanadzutse mutu. "Ndi amayi akuseriku. Khomali ndi limodzi. Inu pitirizani, achemwali, galimotoyi ndabwereka ya lero lokha."

Nyumbayo inali imodzi yogawidwa pakati. Mbali ina munkakhala eni ake, mayi okalamba omwe anasiya kuona kalekale. Mbali inayi ndi yomwe bambo awo ankachita lendi chimwalirireni mayi awo. Tsopano bambowo nawo anali atatsikira kuli chete, ndipo anasiya nkhani yomwe ana awo sankaimvetsa. Mgwirizano wa lendi unkayenera kutha mwezi womwewo. Koma mwezi wathawo iwo anagulitsa makina awo ochekera matabwa, n'kusainira mgwirizano watsopano, n'kulipiriratu chaka chathunthu. Anachita zimenezi dokotala atawauza kale kuti mvula ikubwerayi sadzaiona. Namwino anali pomwepo tsiku lomwe dokotalayo ananena zimenezo, atawagwira dzanja.

"Matenda aja anafika mpaka kumutu," mlongo wake ankatero. "Munthu wanzeru zake sangalipirire nyumba yoti mudzagone makoswe."

Dzuwa litakwera kunafika mwana wa eni nyumba, bambo wovala tayi ngakhale kunali kotentha. Anapepesa maliro ataima, maso ake akuyenda m'makoma ngati akuyeza. Kenako anatulutsa pepala lothetsa mgwirizano.

"Ine sindifuna kuvutitsa anamfedwa," anatero. "Ndalama zonse ndibweza, osadula ngakhale za mwezi wochenjeza. Wamkulu angosaina apa, makiyi ndilandire madzulo."

Mlongo wake anapumira m'mwamba. Ngongole ya bokosi la maliro inali pamutu pake, ndipo mwini wake anali atayamba kuimba foni. Koma Namwino anali atachita lendi m'nyumba zokwanira kuti adziwe chinthu chimodzi: mwini nyumba sabweza ndalama akumwetulira. Anaika cholembera patebulo.

"Ndikatsanzike kaye amayi. Si bwino angomva galimoto ikunyamuka."

Anawapeza atakhala pampando m'chipinda chawo, manja ali pamaondo. Makatani anali otsegula, komabe m'chipindamo munali mozizira ngati mosalowa dzuwa. Mayiwo anatembenuzira khutu kukhomo.

"Ndiwe wa kuchipatala uja. Mayendedwe ako ndi a bambo ako, umakoka phazi lakumanzere. Khala, mwanangu."

Namwino anakhala pamphepete pa bedi, n'kufotokoza zomwe anabwerera. Mayiwo anamvetsera osadula mawu.

"Mwana wangayo wakuuza kuti wapeza wogula?" anafunsa pamapeto.

"Wogula chiyani, amayi?"

"Nyumba ino. Wogulayo akuifuna yopanda munthu, akufuna agwetse amange masitolo. Ine kundichotsa n'kosavuta, ndine katundu. Andikonzera kachipinda kuseri kwa nyumba yake. Koma munthu wa lendi yemwe ali ndi pepala lake sangamutulutse chaka chisanathe. Bambo ako anamva tikukangana. Khomali silisunga chinsinsi." Anasisita bondo. "Muno ndimadziwa pali mpando, pali chitseko, pomwe simenti inang'ambika. Kumeneko ndikakhala ngati mwana wobadwa dzulo."

Namwino anayang'ana panja. Pawindo ankaona mlongo wake ndi watayi uja ali kugeti, akukweza tebulo m'galimoto.

"Ndinawaletsa," mayiwo anapitiriza. "Ndinati ndalamazo asiyire ana. Anati ana awo ali ndi maso. Ndipo mpaka lero sananditaye. Akuyankhabe."

"Akuyankha bwanji?"

"Tinapangana. M'mawa ndikadzuka ndimagogoda, masana ndimagogodanso, kuti adziwe kuti sindinagwe. Iwo amayankha. Tsiku la maliro lokha ndi lomwe kunali zii."

"Amayi, nyumbayo yakhala yokiya masiku onsewa. Kiyi anali m'chikwama changa."

"Sindinati atsegula. Ndati ayankha."

Namwino anali ataonapo okalamba ambiri omwe amacheza ndi akufa, ndipo ankadziwa mawu ofatsa owayankhira. Asanawatulutse, mayiwo anatambasula mkono n'kugogoda khoma ndi mfundo za zala. Kenako anabweza dzanja pabondo, n'kudikira ngati munthu amene waitana mnzake yemwe ali pafupi.

Kunja galu anauwa patali. Namwino anayang'ananso pawindo. Amuna awiri aja anali akadali kugeti, wina pamwamba pa galimoto, wina pansi akukoka chingwe.

Yankho linabwera. Linali lotsika, cham'munsi mwa khoma, pomwe dzanja la munthu wogona pabedi lingafike. Silinali phokoso la mpope kapena la denga likamatenthedwa ndi dzuwa. Zinali zala.

"Masiku ano akugogoda mwamphamvu," mayiwo anatero. "Kumapeto kuja ndinkachita kutchera khutu."

Namwino sanathamange. Anazungulira nyumbayo, n'kulowa mbali ya bambo ake. Pabalaza panali makatoni okhaokha. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsekedwa, pomwe iye ankakumbukira kuti anachisiya chotsegula. Anachikankha. Munalibe kanthu: bedi linali litatulutsidwa, pansi panatsala madontho anayi oyera pomwe panali miyendo yake. Windo linali lotseka. Koma munkanunkhira matabwa ongopalidwa kumene, fungo lomwe malaya a bambo ake anali atasiya kukhala nalo chiyambireni kudwala.

Anaima pamenepo kwa kanthawi. Mantha analipo, koma sanali mantha omuthamangitsa. Anali ngati aja omwe ankamva ali mwana akalowa m'shedi bambo ake ali pantchito, osadziwa ngati alankhule kapena adikire.

Atatuluka anapita kugeti n'kubweza pepala lija kwa mwini wake, losasainidwa.

"Mgwirizano ukhale momwe bambo anausiyira. Ndilowamo ine."

Kumwetulira kwa watayi uja kunazima. Ananena kuti mwayi wotere subwera kawiri, kuti akafuna kutuluka mawa sadzaona ngakhale khobidi. Namwino anangoti wamva. Bamboyo analowa m'galimoto yake osapita kukawaona mayi ake.

"Achemwali, mwandipha," mlongo wake anatero. "Wa bokosi uja ndikamuuze chiyani? Kuti bambo akugonabe m'nyumba mwawo?"

"Chipinda changa ndichisiya mwezi uno. Lendi yomwe ndimalipira kumeneko ndizikupatsa iwe mpaka ngongole ithe. Ndikalankhula naye ndekha."

"Ndiye kuti tebulo lonseli ndalikwezera chabe."

"Ulitsitsa. Suja umadzitama kuti uli ndi msana wa bambo?"

Sanaseke. Anakhala pa tayala, akupotokola chingwe m'manja. Atalankhulanso, mawu ake anali otsika.

"Mukagona m'chipinda chimenecho?"

"Bwanji?"

"M'mawa muja, pomwe munandifunsa ngati ndamva." Anasiya kupotokola chingwe. "Koyamba kuja kunachokeradi kuseri. Kwachiwiri kuja ayi. Ndinali pafupi ndi chitseko, achemwali. N'chifukwa chake ndinayamba kutulutsa bedi."

Anayang'anana. Patapita kanthawi mlongo wakeyo anaimirira n'kumasula chingwe. Anatsitsa tebulo, mipando, makatoni. Bedi analilowetsa awiri, koma iye anangofika pakhomo la chipinda, n'kulikankhira mkati ndi bondo. Ponyamuka anatenga bokosi la zida lokha, n'kuliika pampando wakutsogolo.

Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, Namwino anatuluka kuseri kukataya madzi otsukira makapu. Anaona mayi aja akutuluka pakhomo pawo atanyamula kandowa, opanda ndodo. Anafuna kuthamanga kuti akawagwire, koma mayiwo anangotambasula dzanja lamanja, ndipo linagwera pa thabwa.

Namwino anali asanaliwonetsetsepo. Linali thabwa lopyapyala, lokhomedwa pa mitengo yofika m'chiuno, kuyambira pakhomo la mayiwo, kutsata khoma, kukhota pangodya mpaka pa mpope wa madzi. Pomwe panali sitepe, thabwalo linali ndi kamphako, ndipo chala cha mayiwo chitafikapo phazi lawo linakwera lokha.

Anawatsatira pambuyo. Chigawo choyamba chinali chakale, chakuda ndi manja, cholumikizidwa mwaluso moti mfundo zake sizinkaoneka. Chigawo chomaliza, cha kufupi ndi mpope, chinali chatsopano. Mitengo yake inali yopendekeka. Misomali ina inalowa mokhota, ina inaphonyedwa, nyundo n'kusiya mabala m'mbali mwake. Munthu amene anakhoma pamenepo ankapumira pakati pa msomali ndi msomali.

Namwino anaika chikhatho pa thabwalo n'kuliyendetsa pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Msomali uliwonse wokhota unali utamizidwa mkati, ndipo pamwamba ponse panali popalidwa bwino, posalala ngati tsaya la mwana. Panalibe kachitsotso ngakhale kamodzi koti kangabaye dzanja.

Mayiwo anatsegula mpope, madzi n'kuyamba kulira m'ndowa.