Nyimbo Yoyera ya a Thomson

"Ine khutu langali limanunkhiza tchimo," anatero a Thomson, wotsogolera kwaya ku Nkhulambe, uku akung'amba masamba m'kope la nyimbo. "Nyimbo yopeka munthu woipa ndimaizindikira ikadali kuseri kwa phiri la Michesi."

Woipayo anali mlamu wawo Micheal, amene anasiya mchemwali wawo Alesi ndi ana anayi n'kuwolokera ku Mozambique ndi mtsikana woimba aluto. A Thomson anali atalumbira pamaso pa Alesi kuti nyimbo ya chigawengacho sadzaimvanso m'tchalitchi. Tsoka lake, nyimbo zonse zokoma anapeka ndi yemweyo. Atamaliza kung'amba, m'kope munatsala chikuto ndi nyimbo ziwiri za pamaliro, chonsecho mpikisano wa makwaya ku Boma unali Loweruka.

"Koma abambo," anafunsa Aliness wa sopulano, "wachimwa ndi Micheal kapena nyimbo? Mesa mawu ake ndi a m'Baibulo?"

"Nanga Baibulo ndi limene linathawa ndi aluto?"

Palibe anamvetsa yankholo, ngakhale eni ake. A Thomson analisinkha njira yonse yakumunda, mutu n'kuyamba kuwawa. Ngati nyimbo ilibe mlandu, Alesi amuuza chiyani? Ngati ili nawo, ndiye kuti zaka zonsezi mpingo wakhala ukulira misozi yolakwika?

Lachitatu akuthyola nandolo, pakamwa pawo panatsika nyimbo yatsopano, yathunthu, yokoma ngati nzimbe. Anasiya dengu pomwepo n'kupalasa njinga kukaitana kwaya.

"Mzimu wandipatsa! Imvani kuyera kwake. Mulibe Micheal m'menemu ngakhale kafungo."

Lachisanu anaitana Alesi kuti adzaone mmene achimwene ake amasungira mawu. Kwaya inaimba, a Thomson maso ali chitsinzire, misozi mbwembwembwe. Itatha, anamva mawu amodzi akupitirirabe kubenchi yakumbuyo. Anali Alesi, nayenso akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Achimwene, mwasiya ndime yachiwiri."

"Yachiwiri iti? Mzimu wandipatsa imodzi."

"Chifukwa tsiku lija munangomva imodzi. Micheal ankandiimbira imeneyi pondifunsira, kuseri kwa khitchini, inu mutabisala m'chinangwa ndi chibonga. Munavumbuluka asanayambe yachiwiri. Apa mwangochotsa 'Alesi' n'kuikapo 'Ambuye'."