Jezi ya Timu ya Mbale Zouluka

Lenifa anaphunzira kusoka pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo anapalasa makina pamenepo zaka khumi ndi zisanu asanabwere ku Amereka. Ku Wheaton kuno, pafupi ndi mzinda wa Washington, ndi ochepa amene ankadziwa kuti ndi telala. Ambiri ankamudziwa ngati mayi wosamalira a Wendell Dorsey, bambo wa zaka 89 amene sitiroko inawaumitsa mkono ndi mwendo wakumanja. Ankafika m'mawa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa mankhwala, kenako n'kuwakhazika pampando wawo pabalaza.

A Dorsey sankalankhulalankhula. Adokotala ankati lilime lawo lili bwinobwino, kungoti eni ake anangoleka. Mwana wawo wamkazi akaimba foni kuchokera ku Atlanta, ankangoyankha kuti eya kapena ayi. Ntchito yawo inali kuonera besibolo pa TV. Kwa Lenifa masewerawo analibe mutu. Amuna akuluakulu kuima padzuwa, wina kuponya kampira, wina kuphonya ndi chibonga, basi maola atatu atha.

Lenifa anali ndi mwana mmodzi, Fiona, amene ankaphunzira uinjiniya wa ndege kuyunivesite ya ku College Park. Mtsikanayo anakula akumeza mabuku ndi mafilimu a zombo zopita kunyenyezi ndi zolengedwa za kumapulaneti ena. Loweruka lina mu Meyi anafika kunyumba ndi nsalu yonyezimira ngati pepala lokulungira nsomba.

"Amayi, mu Julayi kubwalo lalikulu la besibolo kuli tsiku la mafilimu a m'mlengalenga," anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Aliyense amavala ngati munthu wa kupulaneti ina. Gulu lathu lonse likupita. Mundisokere, chonde."

"Ine ndinakutumiza kusukulu kuti ukhale injiniya, osati uzikavala zilombo," anayankha Lenifa. Koma nsaluyo anali ataiyala kale patebulo, akuyeza ndi chikhatho.

Zodula ndi zolumikiza anachitira kunyumba. Zomalizitsa pamanja anapita nazo kuntchito, poti a Dorsey akadya masana ankagona ola lathunthu. Tsiku lachitatu akupinda kolala, anamva mawu.

"N'chiyani chimenecho, mayi Lenifa?"

Anawafotokozera mwamanyazi, akuyembekeza kuti amudzudzula. M'malo mwake nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Chiyambire ntchitoyo, Lenifa anali asanamvepo kuseka kwawo.

"Tsegulani kabati iyo," anatero a Dorsey. "Pamwamba penipeni pali bokosi la nsapato."

M'bokosimo munali chithunzi chakale chopanda mitundu. Anyamata achikuda khumi ndi awiri, asanu ndi mmodzi atagwada, ena ataima kumbuyo kwawo. Chapatali pankaoneka denga la tchalitchi. Pachifuwa pa jezi ya aliyense panali kambale kovundikira, ndipo pansi pake panali zilembo zoti SAUCERS, kutanthauza timbale.

"Wachiwiri kumanzere, mwa ogwadawo, ndine," anatero. "Ndinali ndi zaka 17."

Anayamba kusimba, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wokhalitsa osatsegulidwa. Mu Julayi 1952, anatero, mzinda wa Washington unatekeseka. Makina a pabwalo la ndege anaonetsa zinthu zosadziwika zikuyenda kumwamba, anthu ena n'kumati aona nyali zikuthamanga mumitambo. Nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani za mbale zouluka. Nthawi imeneyo timu yaikulu ya mumzindawo inali isanalembebe wosewera wachikuda, choncho midzi ya anthu akuda kuno ku Maryland inali ndi matimu akeake. Ankasewera Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, amayi akugulitsa nkhuku yokazinga kuseri kwa mpanda.

"Anthu mazana anayi ankabwera kudzationera," anatero a Dorsey. "Koma nyuzipepala zikuluzikulu zinalibe nafe ntchito. Zinkalemba za zinthu zimene palibe anazigwirapo. Ndiye mnzanga Raymond anati, anyamata, nafenso tidzitche mbale zouluka, mwina atilemba."

"Ndiye anakulembani?"

"Ayi. Koma chaka chimenecho tinapambana masewero khumi ndi anayi otsatizana."

Lenifa anafunsa kuti jeziyo ili kuti. A Dorsey anati njenjete zinaidya kalekale, ndipo pamene panali bwalo lawo tsopano ndi poimika magalimoto. Lenifa anayang'anitsitsa chithunzicho ndi diso lautelala. Nsalu yake inali yaubweya wopepuka, mabatani asanu ndi limodzi, kamzere kozungulira khosi n'kutsika mpaka pamimba. Panalibe chovuta.

"Ndikhoza kukusokerani ina," anatero. "Zilembozi zinali za mtundu wanji?"

"Zobiriwira." A Dorsey anayang'ananso chithunzicho. "Ndikuganiza kuti zobiriwira. Raymond ndiye angadziwe. Tatsala awiri basi."

A Raymond Tolliver ankakhala ku Woodbridge kwa mdzukulu wawo. Awiriwa sanayambane ayi, koma chidwalire, a Dorsey ankakana kulandira foni zawo, posafuna kuti mnzawo awamve ali wofooka chonchi. Patapita zaka zinayi, a Tolliver anatopa n'kusiya kuimba. Lenifa anapeza nambala m'kabuku kamene malemu akazi awo a Dorsey ankalembamo manambala, n'kufunsa ngati angaimbe. A Dorsey sanavomere koma sanakanenso. Iye anaimba, n'kuika foni patebulo kuti onse azimva.

"Raymond, ndine Wendell. Zilembo za pajezi yathu zinali zobiriwira, si choncho?"

Mbali inayo kunamveka mawu okalamba koma amphamvu.

"Zaka zinayi osandiyankha, ndiye wandiimbira kuti undinamize? Zinali zabuluu."

Anakangana mphindi makumi anayi. Kuchoka pa zilembo anafika pa mpira wina umene a Tolliver anaugwetsa mu 1953, n'kubwereranso pa zilembo. Lenifa anatenga galasi lokuzira zilembo limene a Dorsey ankawerengera makalata, n'kupita ndi chithunzicho pawindo.

"Pepani, abambo nonse awiri," anatero. "Zilembozi sizinadulidwe pansalu imodzi. Za ogwadawa n'zowalirapo ndipo nsalu yake ndi yosalala. Za oimirirawa n'zakuda kwambiri, komanso zikuoneka zokhuthala. Anakusokerani ndani?"

A Tolliver ndiwo anakumbukira. Anali azakhali awo, amene anadula zilembozo pamikanjo yakale ya kwaya. Mikanjoyo itatha, anamalizira ndi katani ya m'holo ya tchalitchi. A Dorsey anali mumzere wogwada, a Tolliver mumzere woimirira.

"Ndiye kuti tonse tikunena zoona," anatero a Dorsey, ngati zawakhumudwitsa.

Lenifa anakapeza nsalu yoyenera kusitolo ina ku Rockville. Anasoka masabata awiri, akumasula ndi kubwerezanso kambale kaja katatu chifukwa kankaoneka ngati chipewa. M'malo mwa mabatani enieni anabisa zomata mkati, mabataniwo n'kungowasokera pamwamba, kuti munthu wa dzanja limodzi athe kuvala yekha. Tsiku limene anawaveka, a Dorsey anapempha kuti awakankhire pagalasi la m'bafa. Anadziyang'ana nthawi yaitali, akusisita zilembozo ndi dzanja lamanzere. Lenifa anatuluka n'kukapukuta mbale zimene zinali zouma kale.

Fiona ataona chithunzi cha jeziyo pafoni ya amayi ake, anabwera yekha kudzawapempha a Dorsey kuti apite nawo kubwalo. Iwo anakana. Anati anasiya kupita kumpira mu 1971, pamene timu ya mzindawo inasamukira ku Texas. Inde besibolo inabwerera ku Washington mu 2005, koma iwo sanapondeko kubwalo latsopanolo.

"Anatisiya okha," anatero. "Ine sindithamangira munthu amene wandisiya."

Amene anawasintha maganizo anali a Tolliver, poti tsopano awiriwa ankaimbirana tsiku lililonse ikakwana teni koloko m'mawa.

"Ine ndikupita, mdzukulu wanga andiperekeza pagalimoto," anatero a Tolliver. "Mayi uja andisokeranso yanga, yabuluu. Iwe khala kunyumba. Ndikawauza ana aja kuti timu yonse ndinkainyamula ndine."

Lamlungu la masewerowo kunatentha kwambiri. Lenifa anakankha chikuku cha a Dorsey mpaka pasiteshoni ya Wheaton, n'kutsika pachikepe. Pa Fort Totten, posinthira sitima, anapeza Fiona ndi anzake khumi akuwadikira. Ena anali atapaka nkhope utoto wobiriwira, ena ali ndi tinyanga ta waya kumutu, wina atavala bokosi lathunthu ngati loboti. Fiona ankanyezimira m'chovala chake chija, ndipo Lenifa anaona mwachinsinsi kuti mapewa ake anakhala bwino kuposa a onsewo.

Musitimamo mtsikana wina wa makutu osongoka anawerama n'kuwerenga pachifuwa pa a Dorsey.

"Agogo, chovala chanuchi ndi cha mufilimu iti? Sindikuikumbukira."

"Si filimu," anayankha a Dorsey. "Tinali ife."

Anawasimbira zonse, kuyambira nyali za mu 1952 mpaka katani ya m'holo. Ana a sukuluwo anaunjikana mozungulira chikukucho, tinyanga tawo tikugundana sitima ikakhota. Wina anapempha chilolezo choti ajambule mawu awo pafoni, ponena kuti kulaibulale ya kuyunivesite amasunga nkhani zotere. Bambo wina wachikulire amene anakhala chapafupi analowererapo kuti amalume ake ankasewera timu ya ku Sandy Spring, ndipo a Dorsey anamufunsa dzina, n'kunena kuti akumukumbukira, ankathamanga ngati wayiwala poto pamoto.

A Tolliver anawapeza pachipata cha bwalolo, atatsamira ndodo, jezi yawo yabuluu ili pathupi. Nkhalamba ziwirizo zinayang'anana.

"Wakalamba," anatero a Tolliver.

"Iwenso sunasiyidwe."

A Tolliver anawerama movutikira n'kugwira mnzawoyo m'khosi, osamusiya msanga. Anthu ovala zipewa zachitsulo ndi mikanjo yakuda ankangowalambalala.

Atalowa mkati, a Dorsey anapempha Lenifa kuti aime kaye pamwamba pa masitepe. Anayang'ana udzu wobiriwirawo, ndi osewera akuda, azungu ndi a ku Latin America akuponyerana mpira. Lenifa anadikira kuti anene kanthu kena kakulu.

"Udzu wathu tinkatchetcha tokha ndi zikwakwa," anatero. "Tiyeni tikakhale."

Masewero onse Lenifa anakhala pakati pa nkhalamba ziwirizo, iliyonse ikumufotokozera malamulo khutu lakelake, nthawi zina motsutsana. Pofika chakumapeto anali atamvetsa kuti woponya ndi womenya amakhala akunamizana, wina kuyesa kuwerenga maganizo a mnzake, monga amachitira telala ndi kasitomala amene sakudziwa chimene akufuna. Timu ya mumzinda inagonja ndi zigoli ziwiri. Pobwerera a Dorsey anagona musitima, chipewa cha loboti uja chili pamiyendo pawo.

Sukulu itatsegulira mu Seputembala, Fiona anabweranso ndi anzake atatu. Gulu lawo linkafuna kulembetsa timu mumpikisano wa ophunzira, wa mpira wofewerapo uja umene anyamata ndi atsikana amasewera limodzi, ndipo ankapempha ngati angatenge dzina la Saucers. A Dorsey anati ayambe afunsa a Tolliver. Atawafunsa, a Tolliver anavomera, koma anaika lamulo limodzi: dzinalo silinali loti anthu azikagonja nalo mwachisawawa, choncho Loweruka lililonse m'mawa timuyo izibwera kupaki ya ku Wheaton, a Dorsey aziiphunzitsa.

Loweruka loyamba zinali zomvetsa chisoni. Ana amene ankatha kuwerengera njira ya roketi yopita kumwezi ankalephera kudziwa pamene mpira woponyedwa m'mwamba utagwere. A Dorsey ankakuwa malangizo ali pachikuku, mawu awo akumveka mpaka kumitengo. Lenifa anakhala pabenchi ndi tepi yake, akuyeza mmodzimmodzi akamabwera kudzamwa madzi, n'kumalemba m'kope.

Atagawana magulu awiri kuti ayeserere, panasowa munthu mmodzi.

"Mayi Lenifa," anaitana a Dorsey. "Tengani chibonga."

"Ine ndili pantchito, abambo."

"Ntchito yanu ndi kundithandiza. Ndithandizeni apa."

Anavula tepi m'khosi n'kupita, ali ndi nsapato zake zoyera za kuntchito. Chibongacho anachigwira ngati musi. A Dorsey anamuuza kuti asendeze manja pansi, atambasule miyendo, ndipo asachotse diso pampira. Woponya anali Fiona. Mpira woyamba Lenifa anauphonya mpaka kuzungulira thupi lonse. Wachiwiri anaukhudza pang'ono, n'kugwera kumbuyo. Wachitatu unalira pachibonga, n'kudutsa pakati pa miyendo ya mnyamata amene ankavala loboti uja, n'kugubuduka mpaka kumpanda.

"Siyani chibonga, thamangani," anatero a Dorsey. "Kumanja, mayi Lenifa, kumanja."

Anathamanga chibonga chili m'manja, siketi ataikwinya ndi dzanja linalo, n'kukafika pachizindikiro choyamba, pamene womenya amayenera kuthamangira, mpira usanabwerere. Anaima pamenepo akupuma mwabefu, ana onse akumuombera m'manja. Fiona anayenda kupita kwa a Dorsey n'kuwafunsa kuti akuwaona bwanji amayi ake.

"Diso ali nalo," anatero a Dorsey. "Uwauze kuti Loweruka likubwerali abwere ndi nsapato zina."