A Lorna Agwira Chiwongolero

Dokotala wa maso sanachite kuzungulira. Anawauza a Orest Danyluk kuti zoyendetsa galimoto zatha, ndipo kalata yoti chiphaso chawo chiimitsidwe anailemba iwo akadali pampando. Pakati pa diso lililonse panali patachita kachifunga, moti akayang'ana munthu ankaona makutu ndi tsitsi, mphuno osaiona. Wina akanagwetsa misozi. Koma a Orest, ndi zaka zawo 74, anangofunsa ngati angayendetseko komaliza pobwerera kunyumba. Dokotala anati ayi, ndipo amene anawabweretsa kunyumba anali mwana wawo Colleen.

Colleen ndi wosabisa mawu, anatengera bambo ake omwewo. Atafika pafamu sanavule ndi jekete lomwe.

"Adadi, golosale ili makilomita makumi anayi kuchokera pano, chipatala n'kupitirira apo. Ngati amayi sayendetsa m'chisanu, mukusamuka basi. Mumzinda wa Saskatoon ndaona nyumba yabwino, pansanjika yachitatu, pafupi ndi ine."

"Pansanjika yachitatu! Ndasanduka nkhunda ine?"

"Kaya nkhunda kaya khwangwala, sindikusiyani kuno mulibe woyendetsa. Ndibweranso Lamlungu ndidzamve zomwe mwagwirizana."

A Orest anabadwira pafamu imeneyo. Minda anaibwereketsa kalekale kwa a Wes, oyandikana nawo, koma nyumba, khola lakale ndi mzere wa mitengo yotchinga mphepo imene anabzala agogo awo zinali zikadali zawo, ndipo ankazidziwa ndi mapazi, osafunika maso. Ku Saskatoon akanakhala munthu wongodikira nkhomaliro pawindo. Mantha anawagwira ndithu, ngakhale sakanavomera.

Tsono nkhani yonse inatsamira pa akazi awo, a Lorna. Chiphaso anali nacho, ndipo m'miyezi yotentha ankayendetsa bwinobwino. Koma chipale chofewa chikangoyamba kugwa mu Novembala, makiyi ankawapachika mpaka Epulo. Zinayamba zaka makumi atatu zapitazo, tsiku lina ataterereka ndi lole yaing'ono n'kukagwera m'ngalande atanyamula mazira madazeni khumi ndi awiri. Sanavulale. Chinawavulaza ndi pakamwa pa amuna awo, chifukwa a Orest nkhani imeneyo anaisandutsa nyimbo. Paukwati mazira, pa Khirisimasi mazira, ngakhale pa tiyi wa pamaliro mazira omwewo, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Amuna ena ndi otero, amaseketsa gulu ndi mkazi wawo, kenako n'kumadabwa kuti pobwerera m'galimoto muli zii.

Loweruka m'mawa wailesi inati kunja kuli madigiri 28 pansi pa ziro.

"Lero muyendetsa," anatero a Orest.

"Ndamva kale dzulo, ndi dzana lomwe," anayankha a Lorna. "Malizani khofi wanuyo."

Galimoto inali panja, chingwe cha chotenthetsera injini chili cholumikizidwa kumagetsi a pakhonde kuyambira mbandakucha. A Orest anaizungulira monga ankachitira tsiku lililonse la chisanu, kungoti tsopano ankaona ndi manja. Anazula chingwe n'kuchikulunga bwinobwino.

"Choyamba ndi ichi. A Wes chaka chatha anafika nacho kutauni chikukwekwereza ngati mchira."

Anapapasa paipi ya utsi kuti amve ngati yatsekeka ndi chipale. Anagwada pa tayala lililonse ndi kachipangizo koyezera mpweya, koma manambala sankawaona, ndiye ankangokakweza m'mwamba kuti a Lorna awerenge. Tayala limodzi lakumbuyo anapoperamo pang'ono, poti kukazizira mpweya umachepa. Oyilo anamuonanso ndi a Lorna, ndipo anati ali bwino. Kenako anayamba ulaliki. Galasi lipalidwe lonse, osati kaboo kosuzumirapo. Chipale cha padenga chichotsedwe, chingakachititse khungu wobwera kumbuyo. Mafuta asatsike kupyola theka. M'buti musasowe fosholo, thumba la mchenga, bulangete, ndi kandulo ndi machesi m'chitini.

"Bambo inu, bulangetelo amachapa ndani chaka ndi chaka?"

A Orest anazungulira kukakhala mbali ya wokwera, ndipo mpandowo unawalandira ngati mlendo. Unali utasendezedwa kutsogolo molingana ndi miyendo ya a Lorna, moti mawondo awo anagunda kutsogolo.

Holo ya tchalitchi inali makilomita asanu ndi limodzi, ndipo bwalo lake loimikapo magalimoto linali lalikulu, lopanda munthu, lonyezimira ndi ayezi. Njira yonse a Lorna anayenda pang'onopang'ono, manja onse awiri ali pachiwongolero, chibwano chili patsogolo. A Orest anali atagwiritsitsa chitseko, phazi lawo lamanja likukankha pansi.

"Mukuponda chiyani pamenepo? Mbali imeneyo kulibe buleki."

"Ndikungowongola mwendo."

"Ee, mwendo."

Atafika, a Orest anatsika ndi ndowa yachikasu imene anatenga kukhola, n'kukaiika pakati pa bwalo. Lamulo linali losavuta. A Lorna ayambire kumapeto, afike liwiro la makilomita makumi atatu pa ola, akadutsa pamtengo wa magetsi aponde buleki, aime asanagunde ndowa.

"Koma mvetsetsani. Pa ayezi buleki sitiponda kamodzi. Timapopa. Ponda, siya, ponda, siya, ngati mukusoka pamakina. Bambo anga anandiphunzitsa choncho, ndipo zaka zoposa makumi asanu sindinagwerepo m'ngalande."

Ulendo woyamba a Lorna anapopa monga anauzidwa. Galimoto inangoyandama mwaulemu n'kukagunda ndowa, ndowayo n'kugubuduzika mpaka kumpanda. A Orest anatsika, n'kuifufuza ndi m'mbali mwa diso, mutu atapendeketsa ngati nkhuku, mpaka anaipeza. Ulendo wachiwiri zinachitika zomwezo. Akubwerera ndi ndowa kachiwiri, mphuno itauma ndi kuzizira, anayamba kuiona nyumba ya pansanjika yachitatu ija m'maganizo, ndipo mtima unawawa. Munthu akachita mantha pakamwa pamamutsogolera.

"Mwayi wake lero mulibe mazira," anatero akutseka chitseko.

Anadziluma lilime mawu atatuluka kale. A Lorna anabweza galimoto mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kuima kanthawi akuyang'ana kutsogolo. Kenako ananyamuka. Atadutsa pamtengo wa magetsi anaponda buleki kamodzi, ndi mphamvu zonse, osachotsa phazi. Pansi pa galimoto panamveka phokoso ngati chigayo chikutafuna miyala, thupi lonse la galimoto likunjenjemera.

"Siyani! Mayi inu, siyani, muphwanya galimoto! Popani!"

Galimoto inaima. Ndowa inali chilili kutsogolo, pakati patatsala malo oti munthu n'kugonapo motambalala.

"Mwamva phokosolo?" anatero a Orest. "Ndi vuto lomwe lija. Ndinapita nayo kugalaja itangogulidwa kumene, makaniko waulesi uja n'kundiuza kuti ndi mmene imachitira."

"Ndi mmene imachitiradi."

A Lorna anatambasula dzanja pamwamba pa mawondo a amuna awo, n'kutulutsa kabuku ka galimoto mu kabati ya kutsogolo. Kanali katakhala mmenemo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo a Orest anali asanakatsegulepo, poti kwa iwo kuwerenga kabuku ka galimoto kunali kuvomera kuti pali chimene sadziwa. Tsamba lina linali lopindidwa pakona.

"Ndakawerenga sabata ino, inu mukugona masana. Mabuleki a masiku ano amadzipopa okha, mofulumira kuposa phazi la munthu. Kunjenjemerako ndiko kugwira ntchito kwake. Akuti ponda, usasiye, uziwongola. Ukamapopa ukungowasokoneza."

"Akutero ndani?"

"Amene anapanga galimotoyi. Kapena mumawaposa?"

"Ndiye bwanji maulendo awiri aja mumapopa?"

"Ndimafuna muone nokha. Inu zongouzidwa simumva."

A Orest anakana kwamtuwagalu. Anati unali mwayi chabe, mwina pamenepo panali mchenga. A Lorna anabwereza kanayi, ndipo kanayi konse ndowa inapulumuka. Anayesanso kukhota, galimoto ikataya kumbuyo n'kuibweza modekha, maso ali kumene akufuna kupita. Pa zimenezo malangizo a a Orest anali olondola, ndipo a Lorna anawauza choncho, koma sizinawasangalatse kwenikweni. Munthu amene wagonja pa nkhani yaikulu, zing'onozing'ono sizimukhutitsa.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, minda yonse itayera mbee mbali zonse ziwiri. Mphepo inkakokera chipale chopyapyala pamsewu. A Lorna tsopano ankayenda mwachifatse koma mosakayika, atasiya kusuzumira pamwamba pa chiwongolero. A Orest ankamvetsera matayala. Ankadziwa ndi khutu pamene pali chipale chotsendereka ndi pamene pali ayezi weniweni, ndipo anayamba kuganiza kuti mwina khutu limeneli lingakhale ntchito yawo m'galimoto muno.

Atatsala pang'ono kufika pa mlatho wa kamtsinje, lamba wa pampando anawakoka pachifuwa mwadzidzidzi. Chigayo chija chinaliranso pansi, galimoto inakhotera pang'ono kumanja, n'kuima.

"Mwaimiranji tsopano? Pamsewu waukulu si pophunzirira, wina akabwera kumbuyo..."

"Agwape," anatero a Lorna motsitsa mawu.

"Ali kuti?"

"Kutsogoloku. Asanu. Wina wangoima pakati pa msewu akutiyang'ana."

A Orest anayang'ana. Anaona kuyera kumanzere, kuyera kumanja, pakati kachifunga kawo kaja. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, koma sanaone kanthu. Anatsitsa galasi. Kuzizira kunalowa, ndipo pamodzi nako kunabwera kaphokoso ka ziboda pa msewu wouma, kenako kufwanthuka kwa chipale pamene nyamazo zinkadumphira m'munda. Anawerenga ndi khutu mpaka zinayi. Yachisanu inachedwa pang'ono, kenako nayo inapita.

Masabata awiri m'mbuyomo anali atadutsa pamalo omwewo akuyendetsa okha, akazi awo ali pambali, liwiro lili makumi asanu ndi atatu. Ataganiza zimenezo anakweza galasi, n'kuika manja pamawondo, ndipo phazi lawo silinakankhenso pansi mpaka kunyumba.

A Lorna anaimika galimoto pafupi ndi khonde, mphuno yake itafulatira mphepo, n'kuzimitsa injini. Palibe anafulumira kutsika.

"Mawa ndimuuza Colleen kuti sitikusamuka," anatero a Orest. Anakhosomola pang'ono. "Ndimuuza kuti mayi ake amayendetsa kuposa ine."

"Mumuuze ndithu. Koma mudziwe chinthu chimodzi. Nyumba ya ku Saskatoon ija ndinaiona pazithunzi, ndipo ndinaikonda. Zidzukulu zili msewu wachiwiri, laibulale ili pakona, chipale amakuchotsera ndi ena. Ndikanangonena kuti sindingathe, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanandiimba mlandu."

A Orest anatembenuka. Nkhope ya akazi awo sanaione, anangoona chipewa chaubweya ndi tsitsi la imvi m'mbali. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi m'banja, ndipo sanafunsepo ngati a Lorna amafuna kukhala pafamu pano. Ankangoyesa kuti n'zodziwikiratu. Manyazi anawagwira kwambiri.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Chifukwa kumeneko mukanafota pofika Epulo, ndipo wokuonererani ndikanakhala ine. Chisanu chino ndikupatsani. Cha chaka chamawa mudzachite kundifunsa, osati kundiuza."

"Ndamva."

"Ndipo Lachitatu lililonse ndizipita ku Saskatoon kukaona ana. Mukafuna muzikwera, mukapanda kufuna supu ili m'firiji."

A Orest anagwedeza mutu. Anakhala kanthawi akusisita chipewa chawo pabondo. Panali kanthu kakang'ono kamene kanali kakuwavuta kuyambira m'mawa, ndipo anadabwa kuona kulemera kwake pofuna kukatulutsa pakamwa.

"Amake Colleen, tsitsili lakula. Kodi Lachisanu mungandiperekezeko kutauni kokameta?"

"Tiona mmene kuchere," anatero a Lorna akuika makiyi m'thumba la jekete lawo.

A Orest anawazindikira mawuwo. Anali awo omwe. Ndi mmene ankayankhira nthawi zonse a Lorna akapempha kupita kwa mng'ono wawo wodwala, kukwaya, kapena kukagula ulusi, miyezi isanu pa chaka, kwa zaka makumi atatu, ndipo kawirikawiri kunja sikunkacha bwino. Anali asanadziwepo kuti mawu amenewa amamveka choncho kwa munthu wokhala mbali ino.

"Pepani," anatero.

A Lorna anali atatsegula kale chitseko. Anaima kaye, mwendo umodzi uli panja.

"Tinyamuka naini koloko," anatero. "Musandichedwetse."