Khadi la a Dinala

Kodi mungalote kumene kunali khadi la chipani la a Dinala tsiku lomwe anyamata a malaya ofiira anawaimitsa pafupi ndi mlatho wa Shire?

Munali mu Julaye 1978. Amuna makumi anayi ananyamuka pa njinga ku Makanjira kupita ku Mangochi kuti akalowe m'bwalo la chikondwerero cha ufulu ali pamzere. A Dinala, telala wa pamsika, anali mmodzi mwa iwo.

Tsiku lachiwiri masana, mwala wakuthwa unang'amba tayala lawo lakumbuyo. Chubu anachimata msanga, koma chinkatuzukira pong'ambika paja. Pankafunika kanthu kolimba kotchinga m'kati, ndipo panalibe amene anali nako. Gulu linayamba kutalikira. A Dinala anakokera njinga kuseri kwa chitsamba, ndipo posakhalitsa anatulukira akupalasa, nkhope ili gwa.

"Mwatchinga ndi chiyani, Che Dinala?" anafunsa a Thomson, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene ankayenda nawo limodzi kumapeto kwa gulu.

"Palasani, aphunzitsi. Mafunso mukafunse ana anu."

Atayandikira mlatho anapeza mtengo utapingasa msewu.

"Makhadi m'manja! Wopanda khadi akhale pansi apo!" anakuwa mmodzi mwa anyamata a malaya ofiira.

Pansi pa mtengo wa mango panali kale anthu asanu, mitu ili zyoli. Aliyense ankadziwa kuti wokhala pamenepo sabwerera kwawo tsiku lomwelo. A Dinala anapisa m'matumba onse.

"Mwataya?" ananong'ona a Thomson.

"Sindinataye."

"Nanga lili kuti?"

Mzere unkafupika. A Thomson anatulutsa makhadi awiri. Lina analigulira mwana amene anali asanabadwe, popeza akazi awo oyembekezera anabwezedwa pamsika kuti m'mimbamo mulinso munthu. Linalibe dzina. Analembapo dzina la a Dinala mofulumira atatsamiritsa pa chishalo, n'kugwetsera khadilo m'chipewa cha mnzawoyo.

Mnyamata woona makhadi, amene anzake ankamutchula Blackson, analitembenuza kawiri.

"Inki yake yosauma bwanji, madala?"

"Thukuta, bwana. Tachokera kutali."

Blackson anabweza khadi lija, koma maso ake anatsikira pa tayala. Ananjuta, nadina ndi chala pamene panatupa.

"Apa mwaika chiyani? Simufika nalo kubwalo. Ine ntchito yanga n'kukonza njinga. Tsitsani, ndikuikireni chigamba cha mphira, chaulere."

"Zikomo, bwana, musavutike."

"Mukukana chithandizo cha chipani?" Anaseka, koma dzanja lake linali litagwira kale pa valavu.

A Thomson anayang'ana nkhope ya a Dinala, kenako tayala, ndipo anamvetsa.

"Achimwene," anatero a Thomson, "a Tcheyamani a chipani akudikira anthu makumi anayi pamzere. Tikafika operewera, tikanene kuti watichedwetsa ndani? Dzina lanu lonse ndani?"

Kutsogolo wezulo inalira. Blackson anachotsa dzanja pang'onopang'ono.

"Pitani. Likaphulika musandilire."

Anawoloka mlatho osacheuka. Tayala linkagunda pansi nthawi iliyonse likazungulira: du, du, du.

Khadi la a Dinala, lokhala ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, linali m'tayala lakumbuyo lija, lopindidwa kanayi.